Padoko la Cape Town: Tikiti Yopanda Nambala ya Chipinda

Munthu akaima padoko la Duncan mumzinda wa Cape Town n'kufulatira nyanja, maso ake amagunda phiri la Table, lomwe pamwamba pake m'pathyathyathya ngati thandala loyanikapo mbale. Kutalika kwake ndi mamita 1,086, kotero kuti kwa amene anakula akuona nsonga ya Sapitwa ku Mulanje phirili ndi mwana chabe, ngakhale kuti limaoneka lalikulu poti limayambira m'mphepete mwa madzi penipeni. Akatembenuka kuyang'ana kunyanja, makamaka m'miyezi ya pakati pa Okutobala ndi Epulo, kawirikawiri amaona phiri lina loyera mbuu, lamazenera mazanamazana, limene dzulo panalibe ndipo mawa lidzakhala litapita. Imeneyo ndiyo sitima ya alendo okaona maiko. Ina mwa sitima zimene zimakocheza pano, Queen Mary 2, ndi yotalika mamita 345. Mutati mundandalitse sitima yathu ya Ilala m'mbali mwake, mungafunike ma Ilala asanu ndi limodzi, n'kutsalabe malo.

Nyengo ya sitimazi ndiyonso nyengo ya mphepo. Kwathu mwera umavuta m'miyezi yozizira, pamene asodzi a ku Nkhotakota ndi ku Salima amakokera mabwato kumtunda. Kuno mphepo yochokera mbali yomweyo imawomba nthawi yotentha, ife tili pa kupalira ndi kubandira chimanga. Eni mzinda amaitcha Cape Doctor poti amati imasesa utsi ndi fumbi lonse. Ikakula, mtambo umayala pamwamba pa phiri ndi kutsetserekera m'mbali, ndipo akuluakulu a padoko amaletsa sitima kulowa kapena kutuluka, pakuti chisitima chachitali ngati nyumba yansanjika khumi ndi zingapo chimakankhika ndi mphepo monga muja likankhikira thanga la ngalawa. Amene amalira kwambiri si alendo okaona maiko ayi, koma alimi a mphesa a m'chigwa cha Hex River, popeza zipatso zawo zimapsa m'nyengo yomweyi ndipo zimachedwa padoko makina onyamulira katundu ataima.

Mlimi sayenera kudziona ngati mlendo pamalo ano, chifukwa mzindawu unayamba ngati dimba. M'chaka cha 1652 kampani ya amalonda a ku Holland inatuma Jan van Riebeeck kuti adzakhazikitse malo opezerapo madzi abwino, ndiwo zamasamba ndi nyama za amalinyero opita kum'mawa, amene ankafa panjira ndi nthenda yotupitsa nkhama chifukwa chosowa zakudya zaziwisi. Ng'ombe ndi nkhosa ankazipeza kwa anthu a mtundu wa Khoekhoe, omwe posakhalitsa analandidwa msipu ndi ziweto zomwe. Chigawo china cha dimbalo chikadalipo pakati pa mzinda, amachitcha Company's Garden, ndipo muli mtengo wakalekale wa zipatso umene anauchirikiza ndi zitsulo kuti usagwe. Doko lenileni linabwera mochedwa. Khoma lotchinga mafunde analiyamba mu 1860 ndipo ambiri mwa omwe anasenza miyala yake anali akaidi. Doko la Duncan, pamene pamaima sitima zazikulu lero, linamalizidwa mu 1945, ndipo mchenga umene anakumba pansi pa nyanja anaukwirira kumtunda n'kupanga malo amene tsopano pali misewu ndi nyumba zazitali. Kwa zaka zambiri sitima za kampani ya Union-Castle zinkanyamula makalata ndi anthu pakati pa Southampton ndi Cape Town sabata iliyonse, mpaka ndege zinazilanda malonda ndipo ulendo womaliza unachitika mu 1977.

Poyandikana ndi pokwerera sitima pali chinyumba chakonkire chimene alimi angachizindikire msanga, chifukwa chikufanana ndi nkhokwe za ku Kanengo. Chinamangidwa m'zaka za m'ma 1920 kuti chizisunga chimanga ndi tirigu zopita kunja, chinaleka ntchitoyo mu 2001, ndipo kuyambira mu 2017 ndi nyumba yoonetseramo zaluso za ojambula a mu Africa, yotchedwa Zeitz MOCAA. Ndachitchula dala. Chimanga chikalowa m'nkhokwe yotere sichikhalanso cha uje kapena uje. Amachiyeza, n'kuchipatsa giredi, n'kuchithira pamodzi ndi chinzake cha giredi yomweyo, ndipo mwini pepala akadzafuna katundu wake amapatsidwa matani a giredi imene yalembedwa, osati maso enieni amene anatuluka m'munda mwake. Amene wamvetsa zimenezi wamvetsa kale theka la nkhani ya tikiti imene ndikufuna kufotokoza.

Malo okwerera sitima za alendo ali pagombe lotchedwa E Berth, ndipo kuyambira mu 2015 amayendetsedwa ndi kampani ya V&A Waterfront pamgwirizano ndi Transnet, kampani ya boma imene ndiyo mwini madoko a dziko la South Africa. Tsiku lonyamuka sitima, pamakhala chipwirikiti chonga cha pa Wenela ku Blantyre madzulo a Khirisimasi, kungoti zikwama zake n'zamateyala. Nditakhala pamenepo kwa maola angapo ndinaona kuti si azungu olemera okha amene amakwera. Pamaulendo afupiafupi, a masiku anayi kapena asanu, opita ku Walvis Bay m'dziko la Namibia n'kubwerera, pamzere pamakhala aphunzitsi, anamwino, agogo ndi zidzukulu zawo, ndiponso magulu a amayi ovala malaya ofanana amene asonkherana ndalama chaka chonse m'chipereganyu chimene kuno amati stokvel. Ndipo ukatchera khutu pakati pa onyamula katundu, oyendetsa matakisi ndi operekera zakudya m'malesitilanti a pafupi, sipatenga nthawi usanamve wina akuti, "Achimwene, mwaswera bwanji?" Amalawi ndi ambiri mumzindawu, ku Dunoon, ku Masiphumelele, ku Imizamo Yethu ndi kwina.

Chikwama chilichonse chimamangiriridwa kapepala kolembedwa nambala ya chipinda, kuti antchito akachisiye pakhomo loyenera. Koma pali anthu ena amene mapepala awo, mpaka masiku ochepa ulendo usanachitike, pamalo pa nambala pamangokhala zilembo zitatu, GTY. Amenewa ndiwo agula chimene amalondawa amachitcha guarantee cabin, ndiye kuti chipinda cholonjezedwa koma chosalozedwa.

Zipinda za m'sitima zili m'magulu anayi akuluakulu. Chotsika mtengo kwambiri ndi cham'kati, chopanda zenera, mmene usana ndi usiku zimafanana ukazimitsa magetsi. Chotsatira chili ndi zenera loonera nyanja koma losatseguka. Chachitatu chili ndi kakhonde kake, pamene munthu angakhale pampando n'kumapitidwa mphepo. Pamwamba pa zonse pali zipinda za mabwana, zokhala ndi pabalaza, ndipo zina mpaka wantchito wakewake. Koma m'gulu lililonse mulinso magiredi ang'onoang'ono olembedwa ndi zilembo ndi manambala, monga zikhalira ndi fodya kumsika wa okushoni, kumene tsamba la burley lomwelo limagawidwa malinga ndi pamene linamera pamtengo, mtundu wake ndi kukhwima kwake. Giredi ya chipinda imatengera nsanjika imene chili, kukula kwake, ndiponso ngati chili pakati pa sitima, kutsogolo kapena kumbuyo.

Wogula ali ndi njira ziwiri. Yoyamba, amatsegula mapu a sitima, n'kuloza chipinda chimene wachikonda, n'kulipira, ndipo nambala yake imalembedwa pa tikiti tsiku lomwelo. Yachiwiri, amangolipira gulu, tinene cha zenera, n'kusiyira kampani kuti idzamusankhire. Pamenepa kampani imalonjeza chinthu chimodzi chokha: kuti adzagona m'chipinda cha gulu limene walipira, kapena la pamwamba pake, koma osati la pansi. Za nsanjika, za mbali ya sitima, za amene adzakhale naye moyandikana, sizikhala m'lonjezomo. Nambala ikhoza kutuluka patangopita sabata chilipirire, ikhozanso kutuluka kutatsala tsiku limodzi, ndipo ena amakaidziwira padoko pomwe. Ikatuluka yatuluka. Makampani ambiri salola kusintha, ndipo amene akana chipinda chimene wapatsidwa amaonedwa ngati wolephereza ulendo, n'kudulidwa ndalama monga mwa malamulo a olephereza. Mphotho ya kugonja konseku ndi mtengo wotsikirapo, ndiponso chiyembekezo chakuti mwina mwayi ungamugwere.

N'chifukwa chiyani kampani imatsitsa mtengo kwa munthu wongovomera kusasankha? Yankho lake amalidziwa bwino mayi aliyense wogulitsa tomato pa Lizulu kapena pa Jenda. Tomato amene sanagulidwe pofika madzulo, mawa ndi wa nkhumba. Chipinda cha m'sitima n'choola msanga kuposa tomato, pakuti chingwe chikangomasulidwa padoko, chipinda chopanda munthu sichingagulitsidwenso paulendo umenewo, pamene mafuta, malipiro a antchito ndi msonkho wa padoko sizichepa. Komanso munthu wosakwera sagula chakumwa, sajambulitsa chithunzi, salipira ulendo wa kumtunda, zomwe ndi gawo lalikulu la phindu la sitima. Choncho cholinga cha kampani ndi kudzaza bedi lililonse, ndipo kuti itero imafuna anthu amene ingathe kuwasuntha monga mbewu za pa bawo.

Tiyerekeze kuti kwatsala masabata atatu ndipo zipinda zonse zam'kati zagulidwa, koma za zenera makumi awiri zikadali zopanda anthu. Ofuna ulendo wotchipa akadalipo ambiri, ofuna wokwera mtengo atha. Kampani ikadatha kutsitsa mtengo wa zipinda za zenera, koma ikatero ikwiyitsa omwe analipira mtengo wonse kale ndipo iphunzitsa anthu kudikira mphindi yomaliza. M'malo mwake imatenga anthu makumi awiri mwa amene anagula zam'kati mosaloza, n'kuwakweza kupita ku za zenera mwakachetechete, kenaka n'kugulitsanso zam'kati zija kwa anthu atsopano. Wokwezedwayo amabwerera kwawo akuyamika kukoma mtima kwa kampani, chonsecho kampaniyo yagulitsa kawiri katundu wake woyenda malonda ndipo yachotsa amene akanaola. Palibe chinyengo apa, ndipo onse awiri apindula. Chofunika kudziwa n'chakuti kukwezedwako kumabwera pamene kwakomera kampani. Sitima ikadzaza bwino, monga zimakhalira patchuthi cha Disembala, wogula mosaloza amalandira zimene ena onse anazikana posankha.

Zimene anthu amazikana n'zodziwika. Pali zipinda zimene zenera lake limayang'anizana ndi bwato lopulumukira lopachikidwa m'mbali mwa sitima, kotero kuti mmalo moona nyanja umaona chitsulo chachikasu. Pamapepala chimenecho ndi chipinda cha zenera ndithu. Pali zimene zili pansi pa holo yovinira, pamene ng'oma imalira mpaka tambala woyamba, ndi zina pansi pa dziwe losambira, pamene antchito amakoka mipando m'bandakucha. Zakumbuyo kwenikweni zimanjenjemera ndi injini, zakutsogolo zimamva kulira kwa unyolo wa nangula. Ndipo mawu akuti kukwezedwa amatanthauza kukwera pa mndandanda wa kampani, osati pa mndandanda wa mtima wako. Kawirikawiri munthu amangochoka pa giredi ina ya gulu lomwelo kupita pa ina, zimene mwina zikungotanthauza nsanjika ziwiri pamwamba. Kuchoka m'chipinda cham'kati kukafika cha khonde kumachitika, koma ndi mwa apo ndi apo.

Pamadzi a kuno nkhani ya nsanjika si yaing'ono. Bartolomeu Dias, Mpwitikizi amene anazungulira nsonga ya Africa mu 1488, akuti anaitcha nsonga ya namondwe, ndipo mafunde ochokera kum'mwera amagwedeza ngakhale sitima zikuluzikulu. Amene anakwerapo Ilala mwera utakalipa pakati pa Nkhotakota ndi Likoma akudziwa kuti pogwedezeka pang'ono ndi pansi, chapakati. Pamwamba ndi kutsogolo ndiye pamavina kwambiri, monga nsonga ya mtengo wa bulugamu. Tsono kampani imawerengera nsanjika zapamwamba ngati giredi yabwino. Mayi wa mseru amene akanagona mwamtendere pansi akhoza "kukwezedwa" n'kukathera ulendo wonse atagwira beseni. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

M'zaka zaposachedwapa makampani aonanso kuti palibe chifukwa choperekera ulere chinthu chimene anthu angachilipire. Ambiri, kuphatikizapo MSC imene imayendetsa maulendo ochokera ku Cape Town ndi ku Durban, ali ndi ndondomeko ya okushoni. Kutatsala masabata angapo, wokwera amalandira uthenga pa imelo womuuza kuti atchule ndalama imene angawonjezere kuti apite m'gulu lapamwamba. Pamakhala mtengo woyambira umene sungatsikepo, ndipo sauzidwa zimene anzake atchula. Ndi okushoni ya m'chimbulimbuli, yosiyana ndi ya ku Chinkhoma kumene ogula amaonana maso ndi maso pamzere wa mabelo. Ndalama imene munthu watchula ndi ya mutu umodzi, ndipo amaichulukitsa kawiri poti chipinda amachiwerengera anthu awiri. Kampani ikavomera, zimene nthawi zambiri zimadziwika kutatsala masiku ochepa, imadula ndalamayo pa khadi la kubanki nthawi yomweyo popanda kufunsanso, siibweza, ndipo chipinda chakale chimapita kwa wina. Chatsopanocho amasankhanso ndi kampani. Motero munthu amene analipira mtengo wokwera kuti aloze yekha chipinda chabwino chapakati akhoza kuwonjezera ndalama n'kudzipeza ali m'chipinda cha khonde choyang'anizana ndi bwato lopulumukira. Kubwera kwa okushoniyi kwachepetsanso mwayi wa amene amadikira kukwezedwa kwaulere, pakuti zipinda zotsala zimayamba zaperekedwa kwa olipira.

Kodi zingatheke kuti wogula mosaloza asowe chipinda n'komwe? Sizichitikachitika, koma zinachitikapo. Mu Novembala 2023, padoko la Brisbane ku Australia, anthu angapo amene anali ndi matikiti otere a sitima ya Quantum of the Seas anauzidwa pa tsiku lonyamuka kuti zipinda zatha, ndipo anatsala kumtunda ndi zikwama zawo. Kampani inawabwezera ndalama ndi kuwapatsa chipepeso, koma tchuthi chimene anapempha kuntchito chinali chitapita. Gwero lake n'lakuti makampani nthawi zina amagulitsa malo oposa amene alipo poyembekeza kuti ena alephera, monga amachitira a ndege, ndiponso monga amachitira makondakitala ena a mabasi a ku Joni. Dziko la South Africa lili ndi lamulo loteteza ogula la mu 2008, ndipo gawo 47 la lamuloli limakamba za mchitidwe womwewu: wamalonda amene walandira ndalama n'kulephera kupereka malo amene analonjeza chifukwa chogulitsa mopyoza ayenera kubweza ndalamayo ndi chiwongoladzanja, ndi kulipiranso zimene wogula waluza mwachindunji, pokhapokha ngati wamupezera malo ena ofanana nawo kapena ngati vutolo linali loposa mphamvu zake.

Maganizo anga ndi akuti tikiti yosaloza si msampha. Kwa anthu awiri athanzi, amene chipinda amachifuna pongogona ndi kusamba, amene tulo tawo sitisokonezeka ndi phokoso, ndi njira yanzeru yosungira ndalama. Koma amene akutsogolera gulu, kaya la kwaya, la amayi a kumpingo kapena la banki m'khonde, aganize kawiri. Kampani silonjeza kuti anthu ogula pamodzi adzagona moyandikana. Agogo akhoza kupezeka nsanjika yachisanu kutsogolo, mwana wawo wowasamalira nsanjika yakhumi kumbuyo, pakati pawo pali mtunda woposa mabwalo awiri a mpira. Zipinda za anthu oyenda panjinga ya olumala, zokhala ndi khomo lalikulu ndi bafa lopanda chopunthwitsa, n'zowerengeka ndipo zimafunika kuzipempha ndi nambala yake kudakali nthawi. Ndipo mtengo wolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pa chikalata chotsatsa malonda si umene munthu amalipira pomaliza. Umakhala wa munthu mmodzi pa awiri ogona chipinda chimodzi, kotero woyenda yekha amalipira pafupifupi kawiri. Pamwamba pake pamabwera msonkho wa padoko ndi ndalama ya utumiki imene amawerengera tsiku ndi tsiku, ndipo zogula za m'sitima nthawi zambiri zimakhala m'madola a ku America, osati m'marandi. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Chimene chili pamphuno apa ndi gulu lalembedwa pa tikiti, basi.

Mlimi amene anasainapo mgwirizano wolima fodya, thonje kapena paprika ndi kampani akhoza kuona nkhope yodziwika m'nkhaniyi. Nayenso amapatsidwa lonjezo la pansi, loti mbewu yake idzagulidwa pamtengo wosachepera wakutiwakuti pa giredi yakutiyakuti, ndipo nayenso amamva mawu okoma onena za bonasi imene ingabwere msika ukayenda bwino. Koma funso lofunika m'mapepala onse awiriwa ndi limodzi: ndani ali ndi mphamvu yosankha tsiku lomaliza likafika? Pa sitima, wogula amagulitsa mphamvu imeneyo modziwa, ndipo amalandirapo kuchotseredwa mtengo. Pamunda, mlimi kawirikawiri amaitaya osalandirapo kanthu, popeza amene amatchula giredi ya belo ndi yemwenso akuligula. Alangizi amene amawerengera alimi mapepala otere angachite bwino kuyamba ndi ndime imeneyo, asanafike pa mtengo.

Panyanja yathu zinthu n'zoonekeratu. Ilala inapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Scotland mu 1949, inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Beira, ndipo inayamba kuyenda mu 1951 pakati pa Monkey Bay ndi madoko a kumpoto. Zipinda zogona zilimo zowerengeka, ndipo wozifuna amasungitsiratu malo. Ena onse amadziwa kalasi yawo ndi maso: apamwamba amayala mphasa kapena matiresi pabwalo lopanda makoma n'kugona akuona nyenyezi, apansi amapanikizana ndi matumba a usipa, chimanga, chinangwa, malata ndi nkhuku. Pa Usisya ndi pa Ruarwe, pamene sitima siifika kumtunda, onse amatsikira m'mabwato ang'onoang'ono ndipo wa kalasi iliyonse amanyowa miyendo chimodzimodzi. Kumeneko kulibe kompyuta yosuntha anthu, ndipo kukwezedwa kalasi ndi nkhani yokambirana ndi wamatikiti ndalama ili m'manja.

Pali zipinda zina m'sitima za ku Cape Town zimene sizipezeka pa mapu a alendo. Zili pansi penipeni, zina kunsi kwa mzere wa madzi, zopanda zenera, za mabedi osanjikizana, ndipo mumagona ophika, ochapa, osesa ndi operekera zakudya ochokera ku Philippines, Indonesia, India, Mauritius, Madagascar, South Africa ndi Zimbabwe. Sitima yaikulu imakhala ndi antchito oposa 1,000, ogwira ntchito masiku onse a sabata kwa miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo. Achinyamata athu ambiri amazilakalaka ntchito zimenezi, ndipo akamberembere a pa Facebook ndi WhatsApp akudziwa zimenezo. Amalonjeza malo otsimikizika pa sitima, n'kupempha ndalama yolembetsera kudzera pa foni. Pangano la maiko onse lokhudza ntchito za panyanja, la mu 2006, limaletsa olemba anthu ntchito kulipiritsa wofuna ntchito chifukwa chomupezera malo. Zimene munthu angalipire yekha ndi zonga pasipoti, buku la amalinyero ndi chikalata cha kuchipatala. Wopempha ndalama ya malo, ameneyo ndi wakuba, ngakhale atumize kalata yokhala ndi chithunzi cha sitima.

Madzi a gombe lino ananyamulapo anthu athu m'zipinda zapansi m'njira zoopsa kuposa izi. Mu Disembala 1794 sitima ya Apwitikizi yotchedwa São José, yochokera ku chilumba cha Mozambique ndi akapolo pafupifupi 500 kupita ku Brazil, inasweka pamiyala ya ku Clifton, kuseri kwa phiri la Lion's Head, kumene lero kuli nyumba zodula kwambiri mumzindawu. Oposa 200 anamira, ndipo opulumuka anagulitsidwa konkuno. Zotsalira za sitimayo zinalengezedwa kuti zapezeka mu 2015. Mu Januwale 1917 sitima ya Mendi inanyamuka padoko lino ndi amuna akuda opita kukagwira ntchito kunkhondo ku France, ndipo pa 21 Febuluwale inagundidwa ndi sitima ina m'chifunga pafupi ndi England. Anafa anthu oposa 600.

Patangotha chaka chimodzi chichitikireni ngoziyo, mumzinda uno munafika mnyamata wa ku Chifira, pafupi ndi Bandawe m'boma la Nkhata Bay, amene anaphunzira uphunzitsi ku Livingstonia n'kuyenda pang'onopang'ono kudzera ku Mozambique ndi ku Southern Rhodesia akusaka ntchito. Dzina lake linali Clements Kadalie. Mu Januwale 1919 anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ndi anthu 24 okha, ambiri mwa iwo onyamula katundu padoko lino. Mu Disembala chaka chomwecho bungwelo linatsogolera sitiraka ya antchito pafupifupi 2,000, amene anakana kukweza chakudya m'sitima zopita kunja pamene mitengo inali itakwera ndipo anthu a m'dzikomo ankagona ndi njala, komanso ankafuna malipiro okwanira. Doko linaima kwa masabata awiri, boma mpaka linatumiza asilikali. Chaka chotsatira malipiro a padoko anakwezedwa. Pofika mu 1927 bungweli linali ndi mamembala pafupifupi 100,000, ambiri mwa iwo antchito a m'mafamu ndi alimi okhala pamalo a azungu, lisanagawanike chifukwa cha mikangano ya atsogoleri ndi kusayenda bwino kwa chuma. Kadalie anamwalira ku East London mu 1951, chaka chimene Ilala inayamba kukocheza pa Nkhata Bay.